Satifiketi ya GIA pa rube ndi safaya wa ku Ntcheu: pomwe imagwira ntchito ndi pomwe imangodya ndalama

Aliyense amene anayesapo kugulitsa mwala wofiira wa kuphiri la Chimwadzulu kwa wogula wakunja amalidziwa funso limene limabwera mtengo usanatchulidwe n'komwe: "Uli ndi pepala?" Pepala limene akunenalo si layisensi ya boma ayi, koma lipoti la labotale, ndipo dzina limene limamveka kwambiri ndi la GIA, labotale ya ku America yoyeza miyala yamtengo wapatali. Kuno ku Ntcheu pepalali ambiri amangolimva mbiri. Ena amaliona ngati mankhwala okwezera mtengo wa mwala uliwonse, ena amati ndi njira ya azungu yodyera ndalama za amphawi. Onsewa akuphonya.

Tinene pachiyambi pomwe mmene tikuionera ntchito ya labotaleyi. Pa mafunso awiri ndi yodalirika kwambiri: mwalawu ndi chiyani, ndipo anthu auchita zotani kuchokera pamene unatuluka m'nthaka. Pa funso lachitatu, lakuti unakumbidwa dziko liti, yankho lawo limakhala maganizo a akatswiri, ndipo kwa ife a ku Malawi apa ndi pamene pali pofooka. Funso lachinayi, la mtengo, sayankha ndi pang'ono pomwe.

GIA, kapena kuti Gemological Institute of America, inakhazikitsidwa mu 1931 ndi Robert M. Shipley, ndipo likulu lake lili ku Carlsbad, m'chigawo cha California. Siigula kapena kugulitsa miyala, ndiye mwala wanu utuluke bwino kapena moipa, iwo malipiro awo ndi omwewo. Mwala ukafika amaupatsa nambala n'kuuika m'kabokosi kopanda dzina la mwiniwake, moti woyeza sadziwa ngati ndi wa kampani yaikulu ya ku New York kapena wa gulu la okumba la kumapiri a Kirk Range. Komanso suyezedwa ndi munthu mmodzi: wina akalemba zimene wapeza, wina amauyeza payekha, ndipo akasiyana maganizo mwalawo umapita kwa wamkulu wawo. Kakonzedwe kameneka ndi kamene mumalipira, kuposa pepala lenilenilo.

Magiredi ndi a dayamondi

Pali chisokonezo chimodzi chimene chimataya ndalama za anthu. Munthu amatumiza rube akuyembekeza kuti abwera ndi giredi, ngati mmene belo la fodya limapatsidwira giredi likamapita ku okushoni ku Kanengo. Giredi ya mtundu umenewo GIA imapereka kwa dayamondi basi.

Dayamondi wodula kale amamuyeza pa zinthu zinayi. Kulemera kwake ndi m'makarati. Karati imodzi ndi magalamu 0.2, choncho galamu imodzi ndi makarati 5. Sikelo yawo imawerenga manambala angapo kuseri kwa kadontho koma pa lipoti amalemba awiri, ndipo amakweza pokhapokha nambala yachitatu ikakhala 9. Mwala wa 0.998 umalembedwa 0.99, wa 0.999 umalembedwa 1.00. Zikuoneka ngati zazing'ono, koma mtengo wa pa karati umadumpha mwala ukangokwana karati yathunthu.

Mtundu amauyeza ndi zilembo 23, kuyambira D mpaka Z, njira imene GIA inayambitsa mu 1953. D ndi mwala wopanda mtundu uliwonse ngati dontho la madzi, ndipo mukamatsika chikasu kapena kabulauni kamanka kaonekera. Woyeza amaika mwala mozondotsa pa kathireyi koyera, pansi pa nyale ya kuwala kosasintha, n'kuuyerekeza ndi miyala yachitsanzo imene mtundu wake unatsimikizidwa kale. Amauzondotsa chifukwa poyang'ana pamwamba kunyezimira kumabisa chikasu. Ukhondo wa mkati amauona ndi galasi lokulitsa ka 10, ndipo pali magiredi 11, kuyambira FL, mwala wopanda chilema chilichonse mkati ndi kunja, kudutsa IF, VVS1, VVS2, VS1, VS2, SI1, SI2, mpaka I1, I2 ndi I3 pamene zilema zimaoneka ndi maso. Chimene galasi la ka 10 silikuona sichiwerengedwa. Kadulidwe kamapatsidwa giredi pa dayamondi wozungulira wa nkhope 57 kapena 58, kuyambira Excellent kutsika mpaka Poor, ndipo izi zinayamba kulembedwa pa malipoti mu 2006. Nambala ya lipoti amatha kuilemba ndi leza m'mphepete mwa mwala, pakalamba kopyapyala kozungulira pakati pake.

Mbali imeneyi ya ntchito yawo ndi yokhwima ndipo dziko lonse la malonda a dayamondi limayankhula chinenero chake. Koma tinene zoona: kwa munthu wa ku Ntcheu kapena ku Dedza ili ndi ntchito pokhapokha ngati akugula mphete. M'Malawi mulibe mgodi wa dayamondi umene ukugwira ntchito. Miyala yoyera mbee imene imabwera m'kansalu, mwiniwake akunong'ona kuti ndi dayamondi, kawirikawiri imakhala quartz, nthawi zina topaz kapena zircon. Kukanda galasi si umboni, chifukwa quartz nayenso amakanda: kulimba kwake ndi 7 pa muyezo wa Mohs, woyezera kulimba kwa miyala, pamene galasi la pawindo ndi pafupifupi 5.5. Kumenya ndi hamala ndiye tsoka lenileni, pakuti dayamondi weniweni, ngakhale kulimba kwake ndi 10, amasweka akamenyedwa. Kacholembera ka batire kamene kamalira kakakhudza dayamondi kamayeza mmene mwala umayendetsera kutentha, ndiye moissanite, mwala wina wofanana ndi dayamondi, amakanamiza, ndipo dayamondi wopangidwa m'fakitale, m'njira zotchedwa HPHT kapena CVD, amadutsa bwinobwino chifukwa naye ndi dayamondi ndithu. Kusiyanitsa wa m'nthaka ndi wa m'fakitale kumafuna makina a labotale.

Mwala wofiira ukafika pabenchi

Lipoti la rube kapena safaya lilibe D, lilibe VS1. Limalemba kulemera, miyezo ya m'litali, m'lifupi ndi kuya m'mamilimita, kadulidwe, mtundu, dzina la mwala, zimene unachitidwa, ndi chithunzi chake. Mukalipira lipoti lalikulu amawonjezera dziko lochokera. Ubwino wa mwalawo, kuti ndi wokongola motani, amausiya kwa wogula ndi wogulitsa.

Rube ndi safaya ndi mwala umodzi, corundum, wolimba 9 pa muyezo wa Mohs. Chromium ndi amene amaufiiritsa, ayironi ndi titanium pamodzi amaupatsa buluu. N'chifukwa chake phiri limodzi la Chimwadzulu, kumene miyalayi inadziwika kuyambira 1958, limatulutsa yofiira, yapinki, yaolenji, yachikasu, yobiriwira ndi yabuluu. Choyamba woyeza amagoneka nkhope ya mwala pa refractometer, kachipangizo koyeza mmene kuwala kumapindikira kukalowa m'mwala. Corundum amapereka manambala awiri, pafupifupi 1.762 ndi 1.770. Spinel wofiira amapereka imodzi yokha, 1.718. Ganeti nayenso imodzi. Kenako amayeza kulemera kwa mwala pouyerekeza ndi madzi: corundum amakhala pa 4.00, spinel pa 3.60, quartz pa 2.65. Mphindi zochepa zimenezi zimakwana kuchotsa ganeti, spinel ndi magalasi a mabotolo.

Koma sizikwana kuchotsa mdani wamkulu. Rube wa m'fakitale, wopangidwa m'njira imene Auguste Verneuil analengeza mu 1902, ndi corundum weniweni: manambala ake onse ndi ofanana ndi a rube wa m'nthaka, ndipo ndi wotchipa kwambiri. Achinyengo amamuswa tizidutswa, kumukhuluza kuti ngodya zife, kumupaka dothi lofiira, n'kumusakaniza m'phukusi la rafu weniweni, kutanthauza miyala yosadula. Ena amamutenthetsa n'kumuviika m'madzi ozizira kuti achite ming'alu yooneka ngati yachilengedwe. Chimene chimamugwira ndi maikulosikopu. Wa m'fakitaleyu amakula mosanjikizana pamwamba pozungulira, ndiye mkati mwake mumaoneka mizere yokhota ngati mizere ya pa chigoba cha nkhono, pamodzi ndi tithovu ta mpweya. Wa m'nthaka mizere yake ndi yowongoka, yokumana pa ngodya, ndipo mumapezeka timiyala tina timene anakula nato, komanso tisingano tatsitsi ta rutile topingasana mbali zitatu. Zilema zimene wogulitsa amadandaula nazo ndi zomwezo zimene zimachitira umboni kuti mwala ndi wa m'nthaka. Mwala waukulu wofiira psuu, woyera mkati wopanda kanthu, wobwera pa mtengo wofewa, ndi woyenera kuuopa.

Pa nkhani ya moto ndi pamene lipoti limabweza ndalama zake. Rube ndi safaya wambiri pa msika wa dziko lonse anadutsa mu ng'anjo, ina yofika madigiri 1,800, kuti mtundu ukome ndi chifunga cha mkati chichoke. Kuotcha n'kololedwa m'malonda bola kunenedwe, koma mwala wabwino wosaotcha umagulidwa mokwera kwambiri kuposa mnzake wofanana naye wootcha. Mbiri ya miyala ya ku Chimwadzulu, imene inagulitsidwa kunja ndi dzina la Nyala, inamangidwa pa mfundo yomweyi yakuti ndi yosaotcha. Ndiye mzere umene mukufuna pa pepala ndi wakuti "No indications of heating". Moto umasiya mapazi. Tisingano ta rutile tija timasungunuka n'kusanduka mizere ya timadontho. Timiyala ta mkati timafufuma mosiyana ndi corundum, n'kung'amba kabwalo kozungulira ngati dzira lokazinga. Ena amasungunuka n'kuyera ngati kambulu ka thonje. Woyeza wozolowera amaziona izi msanga.

Ootcha ambiri amapaka mwala mankhwala otchedwa borax usanalowe m'moto. Borax amasungunuka, kulowa m'ming'alu, n'kuthandiza kuti ming'aluyo imatane, koma amasiya zotsalira zonga galasi. Labotale imalemba kuchuluka kwa zotsalirazo, zochepa, zapakati kapena zambiri, ndipo mtengo umatsika motsatira. Chovuta kwambiri ndi moto wochepa, wosafika madigiri 1,000, umene amagwiritsa ntchito pochotsa kabuluu m'miyala yofiira ya ku Mozambique. Pamenepo tisingano sitisungunuka, maikulosikopu nthawi zina siona kanthu, ndipo amadalira makina a FTIR amene amaona mmene mwala ukumezera kuwala kosaoneka ndi maso. Nthawi zina nawonso saona chizindikiro. Muonetsetse mawu a pa lipotilo: akuti sanapeze zizindikiro za moto, sakulumbira kuti moto sunaukhudze. Ife timaona kuti kalembedwe kameneka n'koona mtima, ndipo labotale imene imalonjeza zoposa pamenepa ndi yokayikitsa. Tiwonjezere chenjezo kwa amene amaika miyala pa mbaula kuti ayese kukometsa mtundu: makala okolezedwa bwino amatha kung'amba timiyala ta mkati, mwala n'kutuluka ndi ming'alu yatsopano, ndipo ku labotale ulembedwa kuti ndi wootcha. Mwataya kawiri.

Kuyambira cha mu 2004 msika unadzaza ndi rube wothiridwa galasi la mtovu. Amatenga corundum wophwanyikaphwanyika amene sakanagulidwa n'komwe, kumutsuka ndi asidi, n'kudzaza ming'alu yonse ndi galasi limene limapinda kuwala pafupifupi mofanana ndi rube, ming'alu n'kuzimirira. Kunja mwala wokongola, koma ndi chikomekome cha nkhuyu. Pansi pa galasi lokulitsa, mukamautembenuza, m'ming'alu mumang'anima buluu kapena olenji, ndipo mumaoneka tithovu tophwatalala. Madzi a mandimu okha amatha kudya galasilo n'kusiya mizere yoyera, ndipo moto wa wosula mphete umalisungunula. Galasi likachuluka moti ndi limene lagwira mwala kuti usamwazike, GIA siutchulanso rube wamba koma chinthu chopangidwa ndi anthu. Apa ntchito yawo ndi yosakayikitsa, ngakhale kuti chinyengo ichi munthu wophunzitsidwa pang'ono atha kuchigwira kunyumba osalipira dola ngakhale imodzi.

Chimene simungachigwire kunyumba ndi beryllium, ndipo ichi chikutikhudza kwambiri chifukwa Chimwadzulu amadziwikanso ndi padparadscha, safaya wa mtundu wosakanikira pinki ndi olenji, amene dzina lake linachokera ku Sri Lanka, ku mawu otanthauza duwa la m'madzi. Cha mu 2001 ndi 2002 ku Thailand kunatuluka miyala yambiri ya mtundu umenewu mwadzidzidzi. Zinadziwika kuti ankaotcha safaya wapinki pamodzi ndi beryllium, amene amalowa m'mwala n'kuupatsa olenji. Ena amaoneka ndi mkombero wa olenji kunja, pinki mkati, akamizidwa m'madzi oyezera, koma akaotchedwa nthawi yaitali mtundu umalowa mpaka pakati. Yankho lotsimikizika limachokera ku makina a LA-ICP-MS: leza imaboola kadzenje kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi m'mphepete mwa mwala, fumbi lake n'kuyezedwa. Palinso safaya wina amene olenji wake sakhalitsa, amazilala akakhala pa kuwala. Choncho asanalembe dzina la padparadscha amauika mwala pansi pa nyale yamphamvu kwa maola atatu kapena anayi n'kuonanso mtundu. Ngati muli ndi mwala wa mtundu umenewu woposa karati imodzi, wogula wanzeru sapereka mtengo wa padparadscha popanda lipoti, ndipo sakulakwa.

Mzere wa pakati pa rube ndi safaya wapinki ndi wina umene umabweretsa madandaulo. Mwala ndi womwewo, chromium ndi yemweyo, kusiyana ndi kuchuluka kwa kufiira basi, koma dzina loti rube limalemera m'thumba. Mwala umene kumudzi aliyense akuutcha rube ukhoza kubwera utalembedwa safaya wapinki kapena wapepo. Malabotale sadula mzerewu pamalo amodzi, ndipo pa miyala ya m'malire GIA siidziwika ndi kufewa.

Dziko lochokera

Apa ndi pamene tikuchotsera ntchitoyi mamakisi. Mwala ulibe chidindo cha dziko. Chimene labotale imachita ndi kuyerekeza: imaona timiyala ta mkati, imayeza kuchuluka kwa ayironi, magnesium, titanium, vanadium ndi gallium, n'kufananiza ndi miyala yachitsanzo imene akatswiri awo anakatenga okha kumigodi. Pamene nthaka ndi yosiyana kwambiri, yankho limakhala lolimba. Rube wa ku Mogok m'dziko la Myanmar anakulira m'mwala woyera wotchedwa marble, ali ndi ayironi wochepa, ndipo amayaka ngati khala pansi pa tochi ya kuwala kwa ultraviolet (UV). Wa ku Thailand ali ndi ayironi wambiri ndipo sayaka kwenikweni.

Rube wa ku Chimwadzulu anakulira m'miyala ya amphibole, monganso wa ku Montepuez m'chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique, amene anapezeka mu 2009 n'kudzaza msika wa dziko lonse. Ndi miyala yapachibale. Montepuez amatulutsa yochuluka zedi ndipo labotale iliyonse imaiona tsiku ndi tsiku, pamene ya ku Malawi imafika mwa apo ndi apo. Choncho musadabwe mwala umene mukudziwa dzenje lake ukabwera ndi dzina la dziko loyandikana nalo, kapena utalembedwa kuti kochokera sikunatsimikizike. Mwalipira ndalama yowonjezera, koma mawu oti Malawi palibe. Komanso tikumbukire kuti msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu umayenda m'malire enieni, pa Lizulu mbali ina ya msewu ndi Mozambique, ndiye si mwala uliwonse wogulidwa pa Ntcheu umene unakumbidwa ku Ntcheu. Amene akufuna kugulitsa mwala ndi dzina la Malawi adalire mapepala ake: layisensi ya pamalo okumba, tsiku, kulemera kwa rafu, zithunzi mwala usanadulidwe ndi utadulidwa, lisiti la wodula. Ogula amene amasamala za kochokera amalemekeza mndandanda umenewu.

Ntchito ya dziko lochokerayi ilinso ya mitundu yowerengeka, monga rube, safaya, emerald ndi spinel wofiira. Aquamarine wa ku Mzimba kapena ganeti wa rhodolite sapatsidwa dziko, ndipo kuotcha kwa aquamarine nthawi zambiri sikudziwika n'komwe. Kutumiza miyala imeneyi kutali chotere, pokhapokha ikhale yaikulu modabwitsa, ndi kulipira kuti akuuzeni zimene refractometer ya pafupi ikanakuuzani.

GIA si yokhayo. Pa rube ndi safaya wamtengo wapamwamba zedi, nyumba zazikulu za okushoni zimakonda malipoti a ku Switzerland: SSEF ya ku Basel ndi Gübelin ya ku Lucerne. Amalonda a ku Bangkok, kumene rube wambiri amadulidwira ndi kugulitsidwira, amakonda GRS, imene imatchuka ndi mayina a mitundu monga "pigeon's blood" ndipo imalemba moto ndi zilembo H, H(a), H(b) motsatira kuchuluka kwa zotsalira. Ku Bangkok komweko kuli GIT, AIGS ndi Lotus Gemology. Pa dayamondi palinso IGI ndi HRD za ku Antwerp. Nzeru yake ndi yosavuta: funsani wogula wanu pepala limene iye amalikhulupirira musanatumize. Wogula wa ku America adzati GIA. Wa ku Thailand kapena ku China mwina atchula lina.

Mtunda, madola ndi malamulo

GIA ili ndi malabotale ku Gaborone ndi ku Johannesburg, koma kumeneko ntchito yaikulu ndi ya dayamondi. Rube ndi safaya amayezedwa ku Bangkok, Hong Kong, Tokyo, New York kapena Carlsbad. Malipiro amakwera motsatira makarati, lipoti la dziko lochokera ndi lodula kuposa longotchula mwala, ndipo zonse zimalipiridwa m'ndalama zakunja, zimene aliyense akudziwa mmene zikuvutira m'mabanki athu. Pamwamba pake pali zonyamulira ulendo wopita ndi wobwerera, ndi inshulansi. Makampani wamba otumiza katundu nthawi zambiri salipira miyala yamtengo wapatali ikasowa. Ntchitoyi ili ndi eni ake monga Malca-Amit ndi Brink's. Pa mwala umodzi, zonyamulirazi zikhoza kuposa malipiro a labotale. Ndi chifukwa chake magulu a okumba amachita bwino kusonkhanitsa miyala yosankhika n'kutumiza kamodzi.

Lipoti la labotale si chilolezo chotulutsira mwala m'dziko. Pansi pa lamulo la migodi la 2023, kugula, kusunga ndi kutumiza kunja miyala yamtengo wapatali kumafuna layisensi ndi pemiti. Mu 2025 boma linaika ziletso pa kutumiza kunja miyala yosakonza, ndiye musanamange phukusi pitani ku ofesi yoona za migodi ku Lilongwe mukamve lamulo limene likugwira ntchito tsiku limenelo. Mukawauze momveka kuti mwalawo ukupita kukayezedwa ndipo ubwerera, ndipo a MRA alembe zimenezo, kuopa kuti pobwera ungaonedwe ngati katundu wogula kunja. Kupatsira mwala munthu wapaulendo kuti aubise m'chikwama ndi mlandu, komanso ukasowa mulibe pokadandaula.

Nanga ndi mwala uti woyenera ulendo wonsewu? Yambani ndi masamu a kudula. Rafu akamadulidwa, chotsala kawirikawiri chimakhala gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kucheperapo. Rafu wa galamu imodzi, makarati 5, angakupatseni mwala wa karati imodzi kapena imodzi ndi theka, ngati alibe ming'alu yoipa. Corundum wa maonekedwe ophwatalala ngati ndalama yachitsulo amataya koposa. Rafu wa theka la galamu ndiye kuti atuluka wosakwana karati, ndipo pamenepo mtengo wa lipoti umadya phindu lonse. Malire athu ndi awa: mwala wodula kale, woyambira karati imodzi kupita m'mwamba, woonekera mkati, wa mtundu wofiira bwino, wa padparadscha kapena wabuluu wabwino, umene mukukhulupirira kuti sunaone moto. Safaya wobiriwira motuwa, miyala yosaonekera mkati yoyenera kungoiumba mozungulira, ndi timiyala ting'onoting'ono, zigulitseni mwa phukusi popanda pepala. Ndipo dulani kaye musanayezetse. Lipoti limagwira pa kulemera ndi miyezo ya mwala, ndiye mwala ukadulidwanso kapena kupolishidwa, pepala lakale lafa.

Kusefa koyamba kuchitike kunyumba, ndipo zipangizo zake si zambiri: galasi lokulitsa ka 10, tochi yoyera yamphamvu, tochi ya UV ya 365 nm, sikelo yowerenga mpaka magalamu 0.01, ndi dichroscope. Dichroscope ndi kachubu kakang'ono kosafuna batire. Mukasuzumira pa rube n'kumautembenuza mumaona mitundu iwiri mbali ndi mbali, kufiira kopita ku pepo ndi kufiira kopita ku olenji, pamene ganeti, spinel ndi galasi zimaonetsa umodzi. Yang'anani mbali zingapo, chifukwa pali mbali imodzi imene rube nayenso amaonetsa mtundu umodzi. Kuyeza ndi madzi kumatheka motere: yezani mwala wouma, kenako ikani kapu ya madzi pa sikelo, bwezani sikelo pa ziro, mangani mwala ndi ulusi wopyapyala n'kuumiza osakhudza pansi kapena m'mbali, muwerenge. Gawani nambala yoyamba ndi yachiwiri. Mwala wa galamu 1.00 ukaonetsa 0.25 m'madzi, yankho ndi 4.0. Kathovu kamodzi komatirira pa mwala kamasokoneza zonse, ndipo pa mwala wosakwana theka la galamu sikelo yotereyi siidalirika. Ganeti wina wofiira moderako amafikanso pa 4.0, ndiye muyezo uwu uyende limodzi ndi dichroscope.

Mafuta asayandikire mwala wopita ku labotale. Chizolowezi chosunga rafu m'kabotolo ka mafuta odzola kapena ophikira kuti aoneke wowala chimalowetsa mafutawo m'ming'alu, makina a FTIR amawaona, ndipo lipoti limalemba kuti ming'alu inabisidwa ndi mafuta. Mwala wosaotcha n'kutuluka ndi banga pa pepala chifukwa cha botolo la mafuta. Uviikeni mu acetone, mankhwala amadzi osungunula mafuta, masiku angapo, kusintha acetoneyo, n'kuusiya uume bwino. Muuzenso wodula kuti asaupake kanthu akamaliza.

Kwa amene mukugula mwala wobwera kale ndi pepala, pepalalo lokha si umboni. Malipoti abodza alipo, ndiponso pali malipoti enieni oyenda ndi mwala wina. Lowetsani nambala ya lipoti pa Report Check ya pa webusaiti ya GIA, ndipo adiresiyo muilembe nokha, osadalira linki kapena kachizindikiro kojambula ndi foni kamene wogulitsa wakupatsani, pakuti kakhoza kukufikitsani pa tsamba lonamizira. Zikatuluka, ikani mwala pa sikelo ya makarati ndi kuuyeza ndi kalipa, kachipangizo koyezera mamilimita, mbali zonse zitatu. Kulemera kugwirizane mpaka manambala awiri a kuseri kwa kadontho, mamilimita agwirizanenso, ndipo maonekedwe afanane ndi chithunzi. Pa dayamondi onani nambala ya leza pakalamba, koma yerekezaninso zilema za mkati ndi chojambula cha pa lipoti, chifukwa achinyengo anaphunzira kulemba nambala yeniyeni pa dayamondi wa m'fakitale wodulidwa mofanana. Onaninso tsiku la lipoti: mwala ukhoza kuotchedwa kapena kuthiridwa mafuta pambuyo poti wayezedwa, ndiye pa mwala wa ndalama zambiri wokhala ndi pepala lakale, gwirizanani ndi wogulitsa kuti uyezedwenso ndalama zisanaperekedwe, ndipo mulemberane amene alipire labotale ngati zotsatira zasintha.